Chimbale Cholemera cha a Jonasi

Aliyense wa pa Nsaru amene anamanga banja chiyambire nthawi ya zipani zambiri anadutsa pa diso la kamera ya a Jonasi Kamtedza. Kaya ndi ukwati, chinkhoswe kapena mpikisano wa makwaya, a Jonasi ankakhala ali pomwepo, kamera paphewa, diso limodzi atatsinzina, akukalipira anthu kuti asiye kusuzumira m'galasi. Ndani akanawamvera? Masiku amenewo kanema anali wachilendo, munthu unkabwereka jekete kwa mlamu wako kuti ukaonekemo ngakhale khutu lokha.

A Jonasi anatisiya chaka chatha, chimanga chili m'maondo. Situdiyo yawo, kachipinda kopanikizika pakati pa golosale ya mayi Zuleha ndi malo ometera tsitsi, inatsala m'manja mwa mwana wawo Noel, yemwe amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni ndipo kumudzi amabwera mwa apo ndi apo. Sabata imene tikunenayi anafika Lachinayi, chifukwa Loweruka lake kunali mwambo wotsegulira chiliza cha bambo ake. Anangotsika minibasi, kutsegula situdiyo ndi kiyi wake, kenaka liwiro la kwa a Levison Kathumba, thukuta lili kamukamu.

A Levison anapuma ntchito ya upolisi kalekale, koma anthu a pa Nsaru sanawapumitse. Mbuzi ikasowa, kwa a Kathumba. Njinga ya kabaza ikapita osabwerera, kwa a Kathumba. Iwo ankadandaula pakamwa pokha, mumtima zinkawakomera. Noel anawapeza pakhonde akuswa mtedza, ndipo moni asanathe n'komwe anati kusitudiyo kwalowa wakuba, wachotsa chimbale chimodzi m'kabokosi kosungira makanema.

A Levison anaika lichero pansi pang'onopang'ono. Chowadetsa nkhawa chinali chimodzi chokha. M'kabokosi kameneko munali Flora.

Flora anali mkazi wawo. Anakwatirana mu 1995 kwawo kwa mkaziyo ku Kabudula, ndipo wojambula anali a Jonasi omwewo, mnzawo wa a Levison kuyambira ku pulayimale. Tepi yomwe banjalo linapatsidwa inachita chuku m'nyumba zodontha za kupolisi, n'kutayidwa. Flora atamwalira, a Jonasi, omwe zaka zawo zomaliza anazithera pa ntchito yosamutsa matepi akale kuti alowe mu kompyuta, ankawaitana kawirikawiri kuti abwere adzamuone. Iwo ankangoti tsiku lina. Tinene zoona, ankaopa. Bambo amene anagwirapo zigawenga za zikwanje ankaopa kuona mkazi wake akuyenda pa sikirini. Koma mwezi watha anazindikira kuti ayamba kuiwala mmene Flora ankasekera, ndipo mantha amenewa anaposa oyamba aja. Anaimbira foni Noel kuti akabwera ku chiliza adzawaikire kanemayo pa fulashi.

Anavala chipewa, n'kutulutsa njinga.

*

Chitseko cha situdiyo sichinathyoledwe. Loko anali bwinobwino, zitsulo za pazenera zosapindika. Mkatimo munali fungo lomwe lija la masiku onse, la fumbi ndi mapepala a zithunzi, ndipo pakhoma panali pakadali chinsalu chojambulidwa ndege ndi nyumba yosanja, chomwe theka la Nsaru linaimapo litanyamula foni yosalumikiza kulikonse. A Levison anachiyang'ana kanthawi, chifundo chinawagwira. Anakumbukira mnzawo akuwauza kuti abweze mimba mkati, kamera ilibe malo okwanira.

Kabokosiko kanali pa tebulo pafupi ndi kompyuta, kakuda, kukula kwake ngati njerwa ziwiri zosanjikiza, kokhala ndi timadirowa tiwiri. Ka kumanzere kanali pululu.

Noel anafotokoza ngati munthu amene walongosolapo nkhaniyi kambirimbiri. Bambo ake anali ndi zimbale ziwiri zolemera, zija achinyamata amati hadi, zokhala ndi mbale yozungulira mkati, zomwe zikamagwira ntchito zimalira chapansipansi. Zinali mapasa: chilichonse cholowa mu ichi chinkalowanso mu icho, kuti china chikafa chinzake chitsale ndi zonse. Ndiye chimodzi chinafadi, bambo akadali moyo. M'malo mwake Noel anagula chamakono chotchedwa SSD, kakang'ono, kopepuka ngati foni, kopanda chozungulira, n'kukaphatikiza ndi chakale chotsalacho. Anati sizinali zoyenera kwenikweni, chifukwa katsopanoko n'kachangu koma kankayenera kumadikira chakalecho, monga ng'ombe yaing'ono yomangidwa goli limodzi ndi nkhalamba. Bambo ake sanakakhulupirire mpaka imfa yawo. Ankati chinthu chosalira udziwa bwanji kuti chikugwira ntchito.

"Chabedwa ndi chiti?" anafunsa a Levison.

"Chakalecho. Cholemeracho."

A Levison anayendetsa chala pa shelefu ya mafelemu, chinabwera chofiira ndi fumbi. Anachiyendetsa pa tebulo, chinabwera choyera. Pampando panali kansalu koyera kopeta maluwa m'mbali, ndipo atafunsa, Noel anati anakapeza katavundikira kabokosiko monga mwa masiku onse, iye ndi amene anakachotsa. Magetsi a pakhoma anawapeza ozimitsa. A Levison anakatembenuza kansaluko m'manja. Pa zaka zawo zonse za upolisi anaonapo akuba odya chakudya cha mwini nyumba, ena mpaka kugona pabedi, koma wakuba wopukuta tebulo anali asanamuonepo.

Noel anali atamupeza kale wolakwa. Anati ndi Faizal, mwana wa mayi Zuleha, wokonza mafoni pakhonde la golosale. Anamusiyira kiyi kuti asinthe batire la sola, ndipo ndi yekhayo pa Nsaru amene amadziwa za zimbale. Anati ngati sabweza pofika madzulo akam'tengera kupolisi.

A Levison anamuuza kuti ayambe wakhala pansi. Kenaka anamufunsa chinthu chomwe chinkawavuta kuyambira pakhonde paja: ngati zimbalezo n'zamapasa, ndipo chimodzi chilipo, thukuta lonseli n'lachiyani?

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Anati katsopanoko n'kakang'ono m'mimba kuposa chakalecho, chifukwa zazikulu zinali zodula, ndipo ukaphatikiza zimbale zosiyana, umapasawo umathera pomwe pathera chaching'onocho. Ndiye anasankha. Makanema a zaka zaposachedwa anawaika pa mbali ya mapasa, koma a matepi akale aja anatsala pa malo otsala a chimbale cholemeracho, okhaokha, opanda mnzawo. Ankafuna kugula chachikulu mwezi wamawa, asamutse zonse, chakalecho achitaye. Kwa anthu ankangoti zonse n'zamapasa, chimodzi chitachoka palibe chotayika, chifukwa kulongosola zonsezi kunali kutaya nthawi. Matepi eni akewo bambo anawatentha atamaliza ntchito, anali ataola. Mwayi wake, mabanja onse anabwera kudzatenga makanema awo bambo akadali moyo.

"Onse?" anafunsa a Levison.

Noel anapukusa mutu. "Kupatula inu, bambo. Wa mayi Flora uli m'chimbale chabedwacho. Kwina kulikonse kulibe."

*

A Levison anamupeza Faizal pansi pa ambulera yake, akuchotsa galasi losweka la foni ndi kampeni. Nkhani inali itamufika kale, pa Nsaru mphekesera sizikwera minibasi koma zimayamba kufika ndi izo. Anaimirira, n'kupereka mpando wake, koma pakamwa pake panali moto.

"Madala, kundinena kuti ndine wakuba ndapirira, koma kundinena kuti ndine chitsiru, ayi. Ine nditsegule kabokosi kaja, ndione SSD yatsopano ili apo, ndiisiye, nditenge chigogo chija? Chimene chija ngakhale mutachipereka chaulere m'tauni akuuzani kuti mukatsekere chitseko. Katsopano kaja ndiye kakanapita dzuwa lisanafike pamutu."

A Levison anamwetulira osafuna. Anamufunsa za kiyi. Faizal anati batire analisintha Lolemba, anayatsa zonse kuti aone ngati moto ukufika, ndipo chimbale chakalecho anachimva ndi makutu ake chikulira monga chinkachitira nthawi ya a Jonasi. Anatseka, kiyi n'kupatsa mayi ake kuti asunge m'kabati. Lachiwiri analawirira ku Lilongwe kukagula magalasi a mafoni, ndipo kondakitala wa minibasi yoyamba angachitire umboni chifukwa anakangana naye njira yonse pa nkhani ya mpira. Za kansalu kopeta anaseka. Anati iye anakasiya pampando, kuvundikira zinthu si ntchito yake, ngakhale bedi lake sayala.

Mayi Zuleha anali mkati mwa golosale, akuyeza shuga m'timapepala. Anali mayi wonenepa bwino, wolankhula mofatsa ngati akuwerengera mawu, ndipo anakhala moyandikana ndi a Jonasi kuyambira pomwe msika wa Nsaru unali wa mashedi a udzu. Anapereka moni waulemu, anafunsa za ana a a Levison mmodzimmodzi, kenaka anatsegula kabati n'kuonetsa kiyi. Anati sanachoke m'menemo chiikireni Lolemba, Mulungu ndi mboni.

A Levison anafunsa ngati anamva chitseko cha situdiyo chikutsegulidwa. Mayiwo anapitiriza kumanga shuga. Anati khoma lake n'lopyapyala, munthu amamva zambiri, koma si zonse zomwe khutu lamva zimene pakamwa payenera kunena. Anati mwana wawo sanabe kanthu, ndipo akam'tengera kupolisi iwo apita naye limodzi. Kupitirira apo anati alibe mawu.

Munthu wina akanakalipa. A Levison anangotsamira pa kauntala, maso akuyendayenda m'mashelefu monga munthu wofuna sopo. Golosale imeneyi ankaidziwa ngati nyumba yawo, Flora ankagula ulusi momwemo. Ndiye anaona chinthu chachilendo. Mabatani, singano ndi mapini, zomwe kwa zaka zonsezi zinkakhala m'chitini chofiira cha mabisiketi chokhala ndi chivundikiro chothina, lero zinali m'mbale yadothi, poyera, ntchentche zikuyenda pamwamba.

"Chitini chija chapita kuti, mayi?"

Manja a mayi Zuleha anaima.

"Anandipempha munthu," anatero. "Lachiwiri m'mawa. Anati akufuna chosalowa madzi. Musandifunse dzina, a Kathumba. Munthu ameneyo ndinalira naye maliro."

*

Pa msewu wafumbi wopita kumudzi kwa a Kamtedza, a Levison anapalasa njinga mosafulumira, mutu ukugwira ntchito. Wotenga chimbale analowa ndi kiyi, koma osati wa Faizal. Kupatula wa Noel, kiyi wina anali wa a Jonasi eni ake, ndipo ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kunyumba kwawo. Wotengayo sanafune ndalama, apo ayi akanatenga katsopano. Anapukuta tebulo, anavundikira kabokosi ndi kansalu, anazimitsa magetsi. Kansaluko a Levison ankadziwa amene anakapeta. Anali mayi Lidiya, mkazi wa malemuwo.

Koma chitini chosalowa madzi chinali cha chiyani? Munthu wofuna kusunga chikumbutso cha mwamuna wake amachiika m'sutikesi, pakati pa nsalu. M'nyumba ya malata mumalowa madzi otani mwezi wa Ogasiti?

Apa ndi pomwe anakumbukira tsiku la maliro. Tsiku lija, bokosi lisanatsekedwe, mayi Lidiya anatuluka m'nyumba atanyamula kamera yakale ija ya paphewa, akuti ilowe m'bokosimo. Kwawo kwa mayiwo ndi mmene amachitira, mwamuna sapita chimanjamanja, mlimi amam'patsa kakhasu, wosoka amam'patsa sizasi. Akuluakulu a mpingo anakana, ndipo amene anapita kukawalankhula mofatsa kuti zimenezo si za Chikhristu anali a Levison omwewo, monga mkulu wa mpingo komanso mnzake wa malemu. Mayiwo sanatsutse. Anabweza kamera m'nyumba, ndipo kamerayo Noel anapita nayo m'tauni.

Pa mjigo wa kumayambiriro kwa mudzi anapeza Lyton, mmisiri womanga chiliza, akutsuka fosholo ndi mabeseni. Lyton ndi munthu woti mawu amachita kuwakoka ngati chitsa. Atafunsidwa za ntchito anati yatha. Atafunsidwa kuti simenti anathira liti anati Lachiwiri. Yauma? Ikuuma. Mwala wa dzina? Mawa.

A Levison anatsika njinga, anapempha madzi, anamwa, anapukuta pakamwa. Kenaka anafunsa mosasamala, ngati munthu wofunsa za nyengo.

"Nanga chitini chija munachiika kumutu kapena kumiyendo?"

"Kumutu," anatero Lyton.

Atatero anaima chilili, fosholo ili m'manja, madzi akudontha. Anayang'ana a Levison, n'kuyang'ana kumbali. Pamapeto pake ananena mawu ambiri kuposa omwe ananena sabata yonse. Anati mayi Lidiya anabwera nacho okha pomwe amayi ena ankatula madzi kunja kwa manda, anamuitanira pambali, chitini atachikulunga m'mapepala a pulasitiki ndi chitenje. Anati ndi katundu wa bambo, achiike pansi pa simenti anthu asanaone. Iye sanafunse kuti muli chiyani. Chinali cholemera, basi. Pamwamba pake pali konkire yokhuthala mpaka m'chigongono, ndi mawaya.

*

Mayi Lidiya anali kuseri kwa nyumba, akupeta mpunga wa alendo a Loweruka. Anali ataonda chimwalirireni amuna awo, koma maso anali omwe aja, akuthwa, a munthu amene anaphunzitsa sitandade wani mpaka kupuma. Iwo ndi Flora anali paubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo, ndipo pa ukwati uja ndi iwo anagwirizira mkwatibwi. Ataona a Levison akutsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anaika lichero pansi, anatulutsa mpando, iwo n'kukhala pamkeka.

Sanadikire kufunsidwa. Anati anamva kuti Noel akulozera chala mwana wa mayi Zuleha, ndipo amati mpunga ukatha apite okha kumsika akathetse nkhaniyo. Chimbale anatenga ndi iwo. Kutsegula kadirowa sikunawavute, anaonerera amuna awo akuchita zimenezo kambirimbiri.

"Alamu, munandikaniza kamera, sindinalimbane nanu," anatero. "Koma chaka chonsechi sindinapeze mtendere. Munthu uja anagwira ntchito moyo wake wonse, n'kupita ngati mlendo, opanda kanthu m'manja. Ndiye Noel akuti chimbale chija mwezi wamawa achitaya. Chimene chija, chomwe bambo ake ankakhala nacho mpaka kuiwala kudya! Ndikapita kukawaitana ndinkachimva chikulira ndisanafike pakhomo. Katsopano kaja sankakafuna n'komwe. Ndinati m'malo mokatayidwa kudzala, chipite kwa mwini wake."

Anapitiriza kuti sanalakwire munthu. Mwana wawo anawauza yekha, osati kamodzi, kuti zimbalezo n'zamapasa, chimodzi chitachoka palibe chotayika. Anamufunsa mobwereza, iye n'kuseka kuti amayi musadandaule. Akanapanda kumva mawu amenewo sakanachigwira.

A Levison anaika chipewa pabondo. Anaganiza zongonyamuka. Akanatha kunena kuti chabwino alamu, nkhani yatha, n'kubwerera kwawo kukaswa mtedza, mayiyu osadziwa kanthu. Koma Noel akanawauzabe madzulo omwewo, ndipo akanawauza mokalipa. Ndiye anafotokoza okha, mofatsa, monga momwe mnyamatayo anawafotokozera: kuti mapasawo sanali ofanana msinkhu, kuti kakang'onoko sikanathe kunyamula zonse, kuti makanema a matepi akale anali m'chakalecho mokha. Anafulumira kunena kuti mabanja onse anatenga awo, palibe amene adzabwere kudzadandaula.

Mayi Lidiya sanali munthu wofuna kumuuza kawiri. Anawayang'ana, nkhope ikusintha.

"Inu simunabwere kudzatenga wanu."

"Sindinabwere."

"Ndiye Flora ali m'chitini muja."

A Levison anangogwedeza mutu. Mayiwo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira pa zala. Analira kulira kwa munthu amene wapweteka mnzake pomwe amafuna kuchita zabwino, ndipo a Levison zinawapweteka kuposa za chimbalezo. Kenaka mayi Lidiya anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nyundo yaikulu yoswera miyala yomwe Lyton ankasungitsa pamenepo. Anaikoka ndi manja awiri mpaka pamapazi pa a Levison.

Anati simenti sinaumitsitse, chitini anachimanga bwino, madzi sanalowe. Akapempha kwa eni manda lero lomwe, Lyton aswa mbali ya kumutu, mawa athiranso. Anthu akalankhula alankhule, a mpingo akafuna kuwaitana ku bwalo apita. Manyazi ndi awo, anawaputa okha.

A Levison anayang'ana nyundoyo nthawi yaitali. Musaganize kuti sanaifune. Anaifuna ndi mtima wonse. Flora anali pamtunda wosakwana kuyenda kwa munthu wopita kudimba, atavala zoyera, akuseka kuseka kuja komwe iwo anayamba kukuiwala, ndipo chowalekanitsa chinali konkire ya masiku awiri. Koma anaonanso zinazo. Anaona nyundo ikugwa kumutu kwa Jonasi, mudzi wonse utaima kunja kwa manda, ndi mayiyu akulandidwa kachiwiri chomwe anapatsa mwamuna wake. Koyamba, kamera ija, anawalanda ndi iwo omwewo. Jonasi anawaitana zaka zingapo, mpando anawakonzera, iwo n'kumati tsiku lina. Mlandu wa kuchedwa kumeneko sunali wa Jonasi, sunalinso wa Lidiya.

Anawerama, ananyamula nyundo, n'kukaitsamiritsa kukhoma.

"Musiyeni mnzanga agone ndi katundu wake," anatero. "Noel mumuuze nokha, ndipo akapepese kwa mayi Zuleha ndi mwana wawo lisanalowe dzuwa. Za chitini zithere pa ife."

Mayi Lidiya anafuna kutsutsa, iwo anakweza dzanja. Anabwerera pampando, n'kukhala. Kenaka anafunsa ngati alamu awo anauonapo kanemayo.

Mayiwo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati anauona, osati kamodzi. Tsiku lomwe a Jonasi ankasamutsa tepi imeneyo anawaitanitsa kunyumba kuti abwere adzaone mnzawo, ndipo pambuyo pake akamusowa Flora ankapita kusitudiyo n'kupempha kuti awaikire.

"Ndiye ndiuzeni," anatero a Levison. "Musadumphe kanthu. Muyambire pomwe galimoto inafika."

Mayi Lidiya anakhala bwino pamkeka, anatseka maso, n'kuyamba. Anati inali lole ya fodya yobwereka, yomangidwa nthambi za maluwa, ndipo Flora potsika velo inakodwa pa chitseko, iye m'malo mochita manyazi anaseka mpaka kugwira m'mimba, mutu ataupendekera kumbuyo, kampata ka mano kali poyera. Anati amayi a mvano ankaimba akuwaza mpunga, a Levison ali nganganga ngati ali pa perete, kolala ikuwathina, thukuta likutsikira m'makutu. Ananena za azakhali omwe anavina mpaka nsapato kuthothoka chidendene, ndi za mvula yomwe inaopseza koma osagwa. A Levison ankangogwedeza mutu, zina akuzikumbukira, zina akuzimva koyamba.

Kenaka mayiwo anatsegula maso. Anati pali malo ena omwe pa tepi ya banja panalibe, a Jonasi anawadula chifukwa Flora mwini wake anapempha kuti asungidwe, ndipo n'chifukwa chake ankalimbikira kuwaitana a Levison. Anthu atatuluka m'tchalitchi, a Levison ali kutali akupatsana moni ndi apolisi anzawo, Flora anabwera yekha pa kamera, anayandikira mpaka nkhope kudzaza sikirini yonse, n'kulankhula monong'ona.

"Anati chiyani?"

"Anati, 'A Jonasi, ine mwandijambula mokwanira. Tembenukani mundijambulire mwamuna wangayo bwinobwino. Akadzakalamba, tsitsi litatha, ndidzamukhazike pansi ndimuonetse kuti ndinasankha mnyamata wokongola.' Atatero anaseka, n'kukankha kamera ndi dzanja kuti iloze kwa inu."

A Levison Kathumba, omwe sanalire pamaso pa anthu ngakhale pa maliro a mkazi wawo, anagwira pamutu pawo pomwe panalibenso tsitsi, ndipo analira ngati mwana, osabisa nkhope. Mayi Lidiya anawasiya alire. Atatonthola anapukuta m'maso ndi chipewa, anakokera mpando pafupi ndi mkeka.

"Alamu," anatero, "bwerezaninso pamenepo. Munene mmene ananenera iye."